Mkaka wa Namasiku

Namasiku ankamanga mabere ndi chitenje pamene mwamuna wake Mudenda analowa kuchipinda. Mkaka unali utanyowetsa kale bulauzi, woyamwa palibe, poti mwana wawo Luyando anali ataikidwa dzana. Chikwama cha ulendo wa ku Mongu, kwawo kwa mkaziyo, chinali yasa pabedi.

Mudenda anangoti chilili pakhomo ndi manyazi. Miyezi yonse ija Luyando akati ayamwe ankalira mokuwa, thukuta kamukamu, nkhope ili mbuu. Maureen, mlongo wake wa Mudenda, ndiye anayamba kunong'ona kuti mwana akamakana bere ndiye kuti mkaka wawonongeka, mayi wake akuyenda ndi mwamuna wina. Mudenda, bambo wamkulu ndi ndevu zake, n'kukhulupirira zimenezo! Anaitanitsa akuluakulu a kwawo ku Libuyu, Namasiku n'kukhazikidwa pamphasa kuti aulule. Masabata anatha akuzenga mlandu m'malo mopita ndi mwana kuchipatala.

Atapitako, dokotala anawafotokozera kuti mtsempha wodyetsa mtima unamera pamalo olakwika mwanayo ali m'mimba, ndiye akamayamwa mtima unkamupweteka ngati wa munthu wokwera chitunda atasenza thumba la makala. Ku Lusaka akanaudula n'kuulumikiza poyenera. Koma anafikako kamtima katatopa kale.

Tsopano Mudenda ananena chapansipansi kuti Maureen ali panja ndi nkhuku m'manja, wabwera kudzapepesa. Anapempha mkazi wakeyo kuti asapite.

"Ba Maureen sibaniziba," anatero Namasiku osacheuka, akukoka mfundo ya chitenje. "Wamene anali kuniziba ni imwe."

Zoonadi, womudziwa anali iyeyo, osati Maureen. Mudenda anangoti ngati ndi choncho atenge chilichonse m'nyumbamo, mbale, mabulangete, ngakhale bedi lomwe. Akunena choncho ankadzimva yekha kupusa kwake.

Namasiku anayang'ana uku ndi uku. Anadutsa tizovala ta mwana tili mubeseni, nafika kuseri kwa chitseko, natsitsa pamsomali malaya antchito a Mudenda, abuluu aja. Kolala yake inali yofota, yotafunidwa ndi nkhama. Luyando sankagonera pena paliponse koma pachifuwa cha bambo ake, kolalayo ili m'kamwa.

Namasiku ananunkhiza kolalayo nthawi yaitali, napinda malayawo bwinobwino, nawaika pamwamba pa zovala zake, natseka zipi.