Waya wa M'zipewa

Wessel Haverkamp anali wokonza mawotchi m'tauni ya Deventer, koma chidwalireni malungo aakulu, manja ake ankanjenjemera. Tizitsulo ta m'wotchi tinayamba kumupulumuka, ndipo anthu anayamba kupita kwa mmisiri wina. Kunali kudandaula kokhakokha mpaka chaka cha 1837, pamene wamalonda wina wochokera ku Hamburg anamuuza kuti kuli anthu amene akuzungulitsa gudumu ndi magetsi basi, popanda madzi, mphepo kapena hatchi. Mtima wa Wessel unadzukanso.

Anakonza yekha batire, timapale ta mkuwa ndi zinki m'mabotolo a asidi. Anasulitsa zitsulo ziwiri zopindika, n'kuika kagudumu pakati pake. Chinatsala n'kukulunga waya wamkuwa pa zitsulozo kuti zisanduke maginito, ndipo nkhani inagona pamenepa. Waya wamaliseche ukakhudzana wokhawokha, magetsi ankadzera chidule, chitsulo n'kungokhala chitsulo wamba. Waya wonsewo unafunika kuuveka ulusi kuchokera kunsonga mpaka kunsonga. Wessel anayesa, koma ulusi unkaduka, pena n'kusiya mipata.

Tsiku lina m'mawa chitseko chinatseguka mwamphamvu. Anali Mayi Geesje Tolsma, mkazi wamasiye wosoka zipewa za amayi, amene sitolo yake inagundana khoma ndi ya Wessel.

"A Haverkamp, mwapha chiyani muno? Makasitomala anga akuti zipewa zanga zikununkha."

"Pepani mayi, ndi asidi ameneyo. Mabotolowa ndiwatulutsa kuseri lero lomwe."

"Munateronso sabata yatha." Mayiyo anayang'ana waya umene unali pamiyendo pa Wessel, ulusi uli lendelende. "Nanga ichi mukulukachi n'chiyani? Sokosi ya njoka?"

Wessel anachita manyazi, komabe anafotokoza zonse. Sanabise za manja akewo, popeza ankaoneka okha. Mayi Tolsma anamvetsera atagwira m'chiuno, kenaka anatuluka osatsanzika. Wessel anati basi, wapita kukandinenera kwa mwini nyumba.

Koma anabwerera atanyamula mpukutu wa waya woyera mbee, wovala ulusi wathonje paliponse.

"Uwu timaimitsira milomo ya zipewa," anatero. "Amauveka ulusi ndi makina ku Amsterdam. Ndi wamkuwa, chifukwa wachitsulo umachita dzimbiri mvula ikagwa. Mukanangogogoda pakhomo panga kalekale, bambo inu."

Wessel anaugwira wayawo, n'kuupindapinda. Ulusi sunasunthe. Anayamba kupukuta m'maso ndi mkono wa malaya.

"Musalire apa. Gwirani chitsulocho, ndikulunge ine. Manja anuwo angatichedwetse."

Anagwira ntchito mpaka dzuwa litapendeka. Wessel ankanena kumene waya ulowere, mayiyo n'kumakulunga mizere yothinana bwino, uku akumunyoza kuti bambo wamkulu ngati iye akusewera ndi zidole. Atamaliza, Wessel analumikiza nsonga ziwiri ku batire. Kagudumu kanagwedera, n'kuima. Anakakankha pang'ono ndi chala. Kanazungulira kamodzi, kawiri, kenaka kanayamba kuthamanga kokha, kakulira ngati njuchi, timoto tobiriwira tikuthetheka pambali.

Mayi Tolsma anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda shelefu. "Ambuye! Ndani akukakankha?"

"Palibe, mayi. Ndi waya wanuwo."

Makinawo anali ofooka. Wessel atayesa kuwamangirira ku mwala wonolera, anangoti phee. Mphamvu yake inali yongokwanira kukulunga ulusi pa kamtengo, ndipo zinki ankatha msanga. Koma Wessel analibe nazo kanthu. Kwa nthawi yoyamba chidwalireni, chinthu chotuluka m'sitolo mwake chinali kuyenda.

Loweruka lotsatira anaitana anthu a mumsewumo kuti adzaone. Kunabwera wophika buledi, m'busa, ndi mmisiri uja amene anamulanda makasitomala, amene anagwada n'kuyang'ana pansi pa tebulo kufuna chingwe chobisika. Atachisowa, anadzuka n'kumugwira Wessel chanza.

"Mwapanga nokha zimenezi, akulu?"

"Ayi," anayankha Wessel. "Tapanga awiri. Ndikanakhala ndekha, bwenzi pano ndikulimbanabe ndi ulusi. Thokozani Mayi Tolsma awo."

"Musandipake ine," anatero mayiyo ali pakhomo. "Zikaphulika ndi zanu zimenezo."

Anthu anaseka. Atabalalika, Wessel anavala jekete lake lopitira ku tchalitchi, anakagula keke yauchi yaikulu kwa wophika buledi uja, n'kukagogoda pa sitolo ya zipewa. Mayi Tolsma anayang'ana kekeyo, anayang'ana jekete, kenaka anatsegula chitseko chonse.

"Lowani, khofi ali pamoto. Ndipo mundiuze bwinobwino, makina ena aakulu angafune waya wochuluka bwanji, ndiitanitsiretu."