Dzina la M'kati mwa Kamera

Fainess anali atangoika kamera yake pakauntala pomwe maso ake anagwera pa kalendala. Inali pakhoma la sitolo ya a Khamisi, pa Nkhamenya, pakati pa mitanda ya sopo ndi mabatire a wailesi. Pa kalendalapo panali chithunzi chimodzi chachikulu: manja awiri okhakhala akusoka fodya. Chala chapakati cha dzanja lamanja chinali chokhota, chija chinapanidwa ndi jeke yodindira mabelo zaka zambiri zapitazo. Anali manja a malemu bambo ake, a Sankhani Lungu.

"Shamim, kalendala iyi yabwera liti?"

Shamim, mwana wa a Khamisi, ndiye ankatsuka zithunzi za anthu pa kompyuta yomwe inali pangodya ya sitoloyo. Anayankha osatembenuka.

"Dzulo. A bungwe la alimi a fodya agawa m'masitolo monse muno, mochedwa ngati mvula ya chaka chino. Koma msuweni wako ali ndi diso, aise. Taona manjawo, ngati agwedera."

Fainess anasendera pafupi. Pansi pa chithunzicho panali timalemba ting'onoting'ono: Wojambula, Geoffrey Zimba. Anawerenga kawiri.

Chithunzicho anajambula ndi iye, mwezi wa Marichi chaka chatha, atagwada m'fumbi la m'chigafa mpaka maondo kuchita dzanzi. Bambo ake ankamuseka tsiku limenelo. "Anzako amajambula akwati, iwe ukujambula zikhadabo za nkhalamba." Mu Ogasiti anamwalira.

Kamerayo anamutumizira ndi mlongo wake Jeremiya kuchokera ku Joni. Inali yogwiritsidwapo kale ntchito, koma ya akatswiri, yolemera ngati njerwa, mabatani mbali zonse. Fainess ataitsegula koyamba n'kuona menyu yake, mizere ya Chingerezi yosatha, anangoti kakasi. Apa m'pomwe Geoffrey analowerera. Iyeyu anali mwana wa azakhali ake, ndipo anagwirapo ntchito pa situdiyo ina ku Lilongwe asanabwerere kumudzi ndi sutikesi, mawu ambiri, koma wopanda kamera. Anakhala pakhonde masana onse, akudya chimanga chootcha chomwe amayi a Fainess anamupatsa, uku akudinadina mabatani.

"Ndakukonzera, mkazi wanga," anatero pomaliza, monga mmene asuweni amanyogodolerana. "Kawilo ka pamwambaka ukakaika pa C1, ndiye za mumdima, m'chigafa kapena m'tchalitchi. Pa C2, za padzuwa. Basi. Menyu usamaigwire, ungaphe kamera ya eni."

Ndipo zinkayendadi bwino, chilungamo chake n'chimenecho. M'chigafa masamba ankatuluka ofiirira ngati mmene maso amawaonera. Fainess anamvera. Kwa chaka chathunthu batani la menyu ankalilambalala ngati lili ndi moto.

Maliro atatha, Geoffrey anapempha kadi yosungira zithunzi. Anati akufuna akatsukitse ku boma chithunzi chachikulu cha amalume ake, choti chikhale m'nyumba. Kadi inabwerako patatha sabata. Chithunzi sichinabwere, ndipo Fainess anachita manyazi kufunsa.

"Shamim," Fainess anatero tsopano, "chithunzi ichi ndinajambula ndine."

Shamim anasiya zomwe ankachita. "Iwe? Nanga a bungwe aja akuti amaona kaye dzina la m'kati mwa chithunzi asanalandire. Akuti anthu amaba za anzawo."

"M'kati mwa chithunzi muli dzina?"

"Bweretsa kadi."

Anailowetsa mu kompyuta, n'kutsegula chithunzi cha ubatizo chomwe Fainess anajambula Lamulungu lapitalo. Anadina penapake ndipo pambali panatuluka mizere: tsiku, nthawi, mtundu wa kamera. Pamzere wa mwini chithunzi panalembedwa kuti GEOFFREY ZIMBA. Anatsegula china, cha ukwati wa ku Simlemba. Dzina lomwelo. China, cha nazale ya fodya. Lomwelo. Chaka chonse cha kuyenda pa kabaza, kupsa ndi dzuwa, kugwada m'matope, chonsecho chinali ndi dzina la munthu yemwe ankakhala pakhonde.

"Mwina limalowa lokha," Fainess anatero. Iye mwini anadzimvera chisoni kuti akumufunirabe Geoffrey pothawira.

"Lilowa lokha ngati nsabwe?" Shamim anatenga kamera, n'kudina batani loletsedwa lija. Anatsika mizere, kulowa tsamba lina, kutsikanso, mpaka kumapeto kwenikweni komwe munthu sangafike mwangozi. "Apa. Pamafunika kusankha chilembo chimodzichimodzi ndi kabatani aka. Si ntchito ya mphindi imodzi ayi. Munthu amakhala pansi."

Fainess anakumbukira khonde lija, chitsononkho cha chimanga pambali, chala cha Geoffrey chikudina pang'onopang'ono. Iye ankamubweretsera madzi akumwa, akuthokoza. Chinamuwawa kwambiri n'chimenecho, kuposa kalendala: anamuyenda pansi iye ali pomwepo, atagwira kapu.

"Ungathe kungosintha dzinalo," Shamim anapitiriza. "Kapena pali apa, pofafaniza zonse kuti kamera ibwerere mmene inachokera ku fakitale. Koma ukatero, ma C1 ndi C2 akowo apita. Uyamba ngati mwana wa sitandade wani."

Fainess sanasinthe kanthu. Anangopempha Shamim kuti amuonetsenso njira kawiri, n'kuilemba pachikhatho ndi bolopeni.

M'mawa mwake anali kuchigafa ndi amayi ake, a Lusiya, akusoka masamba oyamba a chaka chino. Fodya anali wochepa poyerekeza ndi wa zaka zonse, chifukwa munda wasowa mwini wake. Cha m'ma eyiti kunamveka njinga yamoto. Geoffrey anatsika atavala malaya oyera opisira, nsapato zopukutidwa, m'manja muli kalendala yokulunga.

"Mwadzuka bwanji, amayi? Ndakubweretserani amalume."

Anaitambasula. A Lusiya anapukuta manja pachitenje, n'kuigwira m'mphepete mosamala. Anayang'ana chala chokhota chija nthawi yaitali.

"Zikomo, mwanawe. Mulungu akudalitse. Ndimaona ngati unaiwala."

"Ine kuiwala amalume?" Kenako anatembenukira kwa Fainess, akumwetulira. "Mkazi wanga, tandibwereka chida chija. A bungwe andiitana ndikajambule tsiku la alimi ku Lukwa. Mwina anditenga kuti ndizijambula chaka chonse. Zikayenda, iwenso udyerera."

"Akutenga chifukwa cha chithunzi chiti?"

Geoffrey anaseka. "Iii, nkhope imeneyo! Wagona bwino koma?"

"Ndakufunsa, Geoffrey. Chithunzi chiti?"

"Aa, iwe. Za dzinazo? Pachibale palinso changa ndi chako? Ndinalemba langa kuti kamera ikabedwa tidzaizindikire. Ndiye a bungwe aja atafunsa, ndikanayamba kufotokoza mbiri yonse? Komanso tinene zoona, msuweni: kuwala kwa m'chithunzimo anakonza ndani? Iwe unangodina batani. Batani ngakhale mbuzi ikhoza kudina."

"Mbuziyo inagwada maola awiri apa," Fainess analoza pansi. "Mbuziyo inadikira kuti dzuwa lilowe pa mpata uwo wa udzu. Iwe unali ku bawo."

"Mkazi wanga..."

"Usanditchulenso choncho. Chisuweni chako chathera pano."

A Lusiya ankangoyang'ana uyu ndi uyo. Sukulu sanapite, ndipo nkhani ya mabatani inkawadutsa pamwamba.

"Mukulimbirana chiyani, ana inu, pamaso pa malemu?"

"Amayi, taonani pansipa," Fainess anaika chala pa timalemba tija. "Mukudziwa kuti palembedwa chiyani?"

"Si dzina la bambo ako?"

Geoffrey anayamba kuyang'ana nsapato zake.

"Palembedwa kuti wojambula ndi Geoffrey Zimba. Dzina la bambo palibe. Langa palibe."

A Lusiya anayang'ananso timalembato, ngati kuti tisintha akatiyang'anitsitsa. Kenako anakweza maso.

"Geoffrey, tsiku limene ankasoka fodya uyu, iwe unalipo?"

"Amayi, nkhani yake n'njoti kamerayo..."

"Ndati unalipo?"

"Ayi."

"Nanga ku bungweko unawauza kuti manjawa ndi a ndani?"

"Iwo amangofuna manja a mlimi, amayi."

"Manja a mlimi," a Lusiya anabwereza motsitsa. "Anakulipirira sukulu manja amenewa."

Fainess anatulutsa kamera m'chikwama. Anayang'ana pachikhatho pomwe inki inali itayamba kufufutika, n'kudina batani la menyu. Anatsika mizere, kulowa tsamba lina, kutsikanso. Geoffrey ataona komwe akulowera, mawu ake anasintha.

"Iwe, usadine pamenepo! Ufafaniza zonse. Zimene ndinakonza zija sungazibwezeretse wekha. Ukalowa m'chigafa muno uzingojambula mdima. Sintha dzina lokhalo, bwanji? Ndikuthandiza ine."

"Wandithandiza kokwana."

Kamera inafunsa ngati akutsimikiza. Anatsimikiza. Kagalasi kanathima, n'kuyakanso, kakufunsa tsiku ndi nthawi ngati mlendo wongofika kumene. Anachita mantha, pakuti Loweruka anali ndi ukwati woti akajambule m'tchalitchi cha mdima, ndipo sankadziwa poyambira. Koma sanabwerere m'mbuyo. Anafufuza mzere wa dzina uja, n'kuyamba kusankha zilembo. F. A. I. Zinatengadi nthawi. Pa chilembo chilichonse ankaganiza kuti Geoffrey naye anali ndi nthawi yonseyi yoti asinthe maganizo.

"Ndiye ku Lukwa ndipite ndi chiyani?" Geoffrey anafunsa.

"Uli ndi foni. Uli ndi diso, anthu akutero pa Nkhamenya. Pita ukawaonetse."

Geoffrey anayang'ana a Lusiya, kuyembekeza kuti amunenerera monga ankachitira nthawi zonse. Iwo anali atatenga kampeni kodulira chingwe. Anayala kalendala pa bondo, n'kudula kamzere ka pansi konse, mowongoka bwino. Kapepalako anamupatsira m'manja.

"Tenga chako," anatero. "Amuna anga atsala."

Njinga yamoto inavuta kulira. Inalira kachitatu, n'kulowera njira ya ku Lukwa.

A Lusiya anakhomera chithunzicho pa mzati wa chigafa ndi minga, n'kubwerera pa mpando wawo. Anatola singano ndi masamba, n'kuyambiranso kusoka.

Fainess anagwada m'fumbi, pamalo pomwe paja. Analozetsa kamera pa manja a amayi ake n'kudina. Pa kagalasi panatuluka mdima bii. Anatembenuza kawilo kamodzi, n'kudinanso. Mdima. Anayesa kawilo kena, chithunzi chinayera mbee ngati ufa.

"Zikukanika?" amayi ake anafunsa, osasiya kusoka.

"Zikukanika."

"Fodya akadalipo. Ine ndili pompano."

Anabweza kawilo pang'ono, kenako pang'ono pokha. Pa ulendo wa khumi ndi chinayi, zala zinaoneka, ndi singano, ndi tsamba limodzi lobiriwira. Chinali chakuda mbali imodzi, chosafika n'komwe pa cha bambo ake chija. Fainess anadina kabatani koonetsa za m'kati mwa chithunzi, monga anamuphunzitsira Shamim, n'kusendera pafupi ndi amayi ake.

"Apa palembedwa chiyani?" anafunsa a Lusiya.

"Fainess Lungu."

A Lusiya anagwedeza mutu, n'kukoka chingwe.

"Jambulanso. Chala changa chinagwedera."