Mfundo zitatu pa chingwe

Kwathu mwana sitimugulira chovala chomukwana. Malemu mayi athu ankatigulira madiresi okwekwereza pansi n'kumati, "Mukuliramo." Inenso Huda ndinamulera chimodzimodzi: nsapato zotsendera mapepala kutsogolo, juzi yopinda manja katatu.

Huda ndi mwana wa mng'ono wanga Lubna. Anandisiyira ali ndi miyezi isanu ndi itatu, iye n'kupita ku Cape Town kukasaka ntchito. Ine wanga Mulungu sanandipatse, ndiye dera lathu lonse la Zengeza 2 linkangonditchula kuti mayi ake a Huda, ndipo sindinakonzepo munthu pakamwa. Mwana atakwanitsa zaka zisanu, Lubna anaimba foni.

"Achemwali, mapepala a ulendo wa mwana atheka. Disembala ndikubwera kudzamutenga."

Ndinayamika Mulungu pakamwa pokha. Mumtima Lubnayo ndinamulalatira mpaka kutopa. Koma wobereka ndi wobereka, ndikanakana ndi mawu ati?

"Kusukulu kuno amawaphunzitsa kusambira," anapitiriza, "ndipo madzi akuno ndi ngati a m'firiji. Ndi mphumu yakeyo afunika wetisuti. Ndigula konkuno."

"Ndigula ndine," ndinamudula, ngakhale chinthucho ndinali ndisanachionepo chibadwire.

Anandionetsa ndi Florida, mayi wogulitsa kaunjika pamsika. Chinali chovala chakuda chochindikala ngati labala, chophimba kuyambira pakhosi mpaka mu akakolo, zipi kumsana. Anali nazo ziwiri, ine n'kutola yaikulu.

"Maiguru, iyi ihombe," anatero Florida m'Chishona, kunditchula mayi wamkulu pondichenjeza kuti yakula.

"Akuliramo. Mwana si chitsa," ndinamuyankha, n'kunyamuka monyada.

Sindinafune kuti mwana wanga akasekedwe kwa eni ake kuti madzi amangowadziwira m'beseni. Ku Manyame Park kuli loji ina ya dziwe losambiramo, kumene bambo wina, Darlington, amaphunzitsa ana Loweruka lililonse. Ataona Huda ali m'chovala chopinda manja ndi miyendo anafuna kuyankhula, koma ndinamuyang'ana diso loti asayerekeze.

Mphindi khumi sizinakwane. Huda anatuluka milomo itada, mano akugundana, madzi akukhuthuka m'miyendo ya chovalacho ngati m'thumba lobooka.

"Mhamha, chando," analira kuti wazizidwa, ndipo chifuwa chinali chitayamba kale kulira mluzu uja ndimauopa.

Ndinamukulunga ndi mpango wanga wakumutu, osasamala kuti pali amuna. Huda atapuma bwino, Darlington anagwada pafupi nane. Bambo ake anachokera ku Tete, ndiye Chichewa amachiyesa.

"Amayi, ichi sagulira chaka chamawa. Chimalowetsa madzi pang'ono, thupi limawatenthetsa, mwana n'kufunda. Chikakula, madzi ozizira amangolowa pakhosi n'kutulukira kumapazi. Chigwire pakhosi, m'manja ndi mu akakolo, pazingolowa chala chimodzi, koma azitha kukweza manja ndi kupuma. Muyeseni mwana mmene alili nhasi, lero lomwe."

Manyazi anandigwira. Zaka zisanu ndikumuteteza ku mphepo, lero ndinamuzizitsa ndekha ndi liuma langa.

Titafika kunyumba ndinadula chingwe choyanikira zovala. Ndinamuyesa Huda pachifuwa n'kumanga mfundo, m'chiuno mfundo yachiwiri, kuchokera pakhosi kufika pa kakolo yachitatu. Iye ankangoseka kuti ndikumugirigisha. Nditabwerera kumsika, Florida, Mulungu amudalitse, sananene kuti ndinakuuzani. Anangoyala chingwe pa wetisuti yaing'ono ija, mfundo zonse n'kugwera pamalo pake.

Loweruka lotsatira Huda anakhala m'madzi ola lathunthu, mpaka kukana kutuluka. Chinali chovala choyamba m'moyo wake chomukwana ndendende. Ndikanayenera kusangalala, koma ndinalira pambali pa dziwe, azimayi ena n'kumandiyang'ana. Zovala zazikulu zonse zija ndinkagula ndikudziwa kuti ndidzakhalapo kufutukula manja ake, pindo limodzi chaka chilichonse. Ichi chinalibe pindo loti ndidzafutukule.

Disembala anafika msanga kuposa chaka china chilichonse. Lubna anabwera atanenepa, ndi masuwiti ndi chidole, ndipo ndimuchitire chilungamo, nayenso analira. Ndinalongedza wetisuti pamwamba penipeni pa chikwama, n'kumuuza Lubna kuti aziitsuka ndi madzi opanda mchere ndi kuiyanika pamthunzi. Basi ikunyamuka, Huda anatulutsa mutu pawindo kundifunsa ngati Loweruka tipite kwa Darlington. Ndinati tipita. Bodza limenelo likundiwawabe.

Chingwe ndinachipachika pa msomali kuseri kwa chitseko. Poyamba Huda ankaimba foni tsiku lililonse, kenako Lamlungu lokha, ndipo Chishona chake chinayamba kulowa Chingerezi.

Mu Seputembala Lubna anati, "Achemwali, wetisuti ija yamuthina, zipi sakutsekanso. Kuno nzodula. Mukaone kwa Florida, mudzapatsire a basi."

Akundifunabe! Ndinayanula chingwe changa n'kuthamangira kumsika ngati mtsikana. Florida anali atangotsegula belo, ndipo anafukula mawetisuti atatu. Ndinatambasula chingwe, koma iye anandigwira dzanja.

"Maiguru, muyeso uwu si wa chaka chatha?"

Ndinayang'ana mfundo zanga zitatu zija. Zinali za mwana amene kulibenso.

"Musadandaule, tingoyerekeza," anatero mofatsa. "Pano wafika pati?"

Ine amene ndinkadziwa dzino lililonse tsiku limene linamera, ndinakweza dzanja kuti ndimuonetse msinkhu wa Huda. Linafika m'chiuno mwanga, pamene mutu wake unkalekeza. Ndinalikweza pang'ono, kenako pang'ononso. Florida ankadikira, koma ine sindinadziwe poliimitsa.