Sipanala ya M'khosi

Amuna anga a Pius amakonza njinga pa Kamwendo, ndipo chinthu chokhala ndi nati sangachidutse osachigwira. Khalidwe limeneli likanawadyera mwendo ine ndikanagona.

Mwendowo unathyoka m'munsi mwa bondo atawagunda wanjinga yamoto. Kuchipatala anawaika chikhakha, koma fupa silinalumikizane. Bala linayamba kutuluka mafinya, fungo lake alendo ankatsanzika asanakhale pansi. Patatha miyezi isanu ndi inayi anatitumiza ku chipatala chachikulu ku Lilongwe.

Kumeneko adokotala anadula fupa lonse lowola, n'kusiya mpata wotalika ngati chala changa. Kenaka anazinga mwendowo ndi zitsulo zokhala ndi mawaya olowa m'fupa, ngati gudumu la njinga ndi masipoko ake.

"Muzipotoza manati awa pang'ono chabe, kanayi pa tsiku," anatero adokotala akundipatsa kasipanala. "Fupa latsopano lizimera pang'onopang'ono mpaka mpatawu utatsekeka. Mukafulumiza silimera, ndipo mwendowu tidzaudula."

A Pius anamva zonse kupatula mawu omalizawo. Sabata isanathe ndinawapeza pakhonde, sipanala yawo ili m'manja.

"Mayi a Dyna, nati amaidziwa ndi makaniki, osati dokotala. Ndikamapotoza kakhumi, pofika Khirisimasi ndikhala ndikuyenda."

"Mudzayenda inde, ndi mwendo umodzi!" ndinatero n'kuwalanda.

Tsiku lomwelo ndinasonkhanitsa masipanala onse a m'nyumba, n'kukawasiya kwa achemwali anga ku Chiosya. Ndinazunguliranso amakaniki onse a pa Kamwendo kuwachenjeza kuti wobwereka a Pius sipanala adzandidziwa bwino. Kasipanala ka kuchipatala kaja ndinakamangira chingwe, n'kukavala m'khosi pamodzi ndi kolona. Azimayi kutchalitchi ankafa ndi phwete, ati ndayambitsa mpingo wanga.

Ndinkaseka nawo, koma ndisaname, mantha ndinali nawo. M'mawa uliwonse potsuka mabala a mawaya ndinkanunkhiza mobisa, kuopa kuti mafinya abwerera. A Pius akayamba kung'ung'udza kuti ndikupotoza ngati ndikuwopa nati, ndinkangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, bambo."

Tinapotoza miyezi iwiri, n'kudikiranso ina isanu ndi umodzi kuti fupa likhwime. Tsiku lochotsa zitsulo, adokotala anatiwonetsa chithunzi cha mwendo. Mpata uja panalibe. A Pius anaimirira, n'kuyenda mpaka pakhomo ndi miyendo yawo iwiri, monyada ngati mkwati.

Titafika kunyumba ndinavula kasipanala kaja n'kuwapatsa. Anakayang'ana kwa nthawi, kenaka anandivekanso m'khosi.

"Sungani, mayi. Makaniki wamkulu m'nyumba muno ndinu."

Ndinalira, iwo n'kumandiseka. Patatha miyezi iwiri anapita ku Chiosya kukatenga masipanala awo aja, akupalasa okha njinga.