Chigubu cha a Haji Belgacem

Tsiku lomwe chitsime chake chinayamba kununkha, Mbarka anatunga ndowa imodzi, madzi ali bii, n'kuiika pamapazi pa mwamuna wake Mongi.

"Imwani, bambo a Nizar. Si paja mumati ndi madalitso?"

Chitsimecho anakumba ndi malemu bambo ake a Mbarka, ndipo n'chimene chinkathirira mitengo yake ya makangaza yomwe inkadyetsa banja. Kumtunda kwa mundawo a Haji Belgacem anali ndi makina oyengera mafuta a azitona. Madzi akuda otsala poyenga, omwe kuno ku Kairouan timati marjini, ankangowatayira m'khwawa.

Munthu akadandaula, a Haji ankayankha akusisita ndevu: "Azitona ndi mtengo wodalitsika. Madzi ake angaphe bwanji nthaka?" Kenako chaka chilichonse ankatumiza chigubu cha mafuta pakhomo lililonse. Mudzi wonse unkanyambita milomo n'kukhala chete. Izi n'zimene zinkamuwawa Mbarka: anthu akuluakulu ndithu, kusinthanitsa madzi a ana awo ndi chigubu chimodzi.

"Mayi a Nizar, mafuta awo tinadya," anatero Mongi akuyang'ana kumbali. "Munthu amene wadya naye mkate ndi mchere sukam'neneza kuboma. N'zochititsa manyazi."

"Manyazi anapha lambe. Mitengo itatu yayoyoka kale masamba, inu mukusamala manyazi?"

Jalila, namwino wokhala nyumba yoyandikana nawo, anamva mkanganowo nalowa.

"Achemwali, ana otsekula m'mimba andikwana sabata ino. Koma musakatukwanizane ndi a Haji pamsewu, simupindula kanthu. Boma lili ndi ofesi yoteteza chilengedwe m'chigawo muno. Ntchito yawo ndi kuyendera makina ngati amenewa, kuyeza madzi ndi kuletsa owononga. Jambulani pamene akutayirapo, lembani tsiku, mukapereke dandaulo. Mukhoza kupempha kuti dzina lanu asalitchule."

"Asalitchule chifukwa chiyani? Chitsimecho n'changa."

Mbarka anakaperekadi dandaulo lake, ndipo patatha masiku anayi kunabwera mayi Rafika ochokera ku ofesiyo. Anatsata khwawa lonse wapansi, natunga madzi m'timabotolo. A Haji anawachingamira ndi chigubu chatsopano.

"Kamphatso, mwana wanga. Mlendo sabwerera chimanjamanja."

"Zikomo a Haji, koma ine ndadzera madzi."

"Madzi ake ati? A mtengo wodalitsika?"

Apa Mbarka anatulukira atanyamula chigubu cha chaka chatha, chodzaza ndi madzi a m'chitsime chake. Anawathira m'kapu ya tiyi, n'kuipereka mwaulemu ndi manja awiri, anthu onse akuona.

"Mwatidyetsa zaka zambiri, a Haji. Lero tikubwezereni. Imwani madalitso anu."

A Haji anayang'ana kapuyo, fungo litawafika kale m'mphuno. Manja awo sanachoke m'matumba.

Zotsatira za kuyeza zitatuluka, ofesi inaimitsa makinawo mpaka a Haji atamanga dziwe lomata pansi, momwe marjini amauma ndi dzuwa osalowa m'nthaka. Inawalamulanso kuyeretsa khwawa lonse. Mayi Rafika ankabwerabe mosadziwitsa kudzayeza chitsime, ndipo mvula itagwa zaka ziwiri anauza Mbarka kuti madzi akhoza kumwedwa. Mitengo itatu ija sinadzukenso. Mbarka anakana kuizula, ati aliyense wodutsa aziiona.

Tsiku lomwe mayi Rafika anavomereza madziwo, Mongi anatunga yekha ndowa, namwa kapu yoyamba.

"Mkate ndi mchere uja," anatero akupukuta pakamwa, "tikanadya ndi madzi ati?"

Woipitsa madzi kapena nthaka, ngakhale akhale wolemekezeka chotani, kam'neneni ku ofesi ya boma yoteteza chilengedwe. Inakhazikitsidwa kuti igwire ntchito imeneyi, koma siingadziwe za chitsime chanu ngati inu mwakhala chete. Mphatso landirani ngati mukufuna, koma isakutsekeni pakamwa.