Chacha pa Chilonda

Dokotala anali atajambula kale mzere wabuluu pamwendo wa bambo anga, m'munsi mwa bondo. Chilonda cha kuphazi chikapanda kusintha, adula pamenepo.

Ine tulo tinandithawa. Ku labotale komwe ndimagwira ntchito, muno mumzinda wa Tbilisi, ndinali nditadzala mabakiteriya a pachilondacho m'kambale, n'kudonthezeramo mavairasi athu odya mabakiteriya. Kutacha, m'kambalemo munali timabowo toyera mbee. Ndiye kuti mavairasiwo ankagwira ntchito yawo: amatera pakhungu la bakiteriya, kupapasa ndi timiyendo mpaka atapeza pogwira, kenako amafinya mchira n'kubayira DNA yawo mkati. Amaswana momwemo mpaka bakiteriyayo kuphulika. M'kambale zinkatheka. Paphazi la bambo, pomwe ndinkawathira m'mawa uliwonse, ayi.

Ndinayezanso, ndinasintha timabotolo, ndinafika pokayikira firiji. Mayi Lamara, akulu a labotale, anatopa nane.

"Shorena, ukundichititsa chizungulire. Pita ukaone wodwala wako, tizilomboti sitithawa."

Ndinafika kunyumba masana, nthawi yomwe sindipezekako. Pamakwerero linandichingamira fungo la chacha, kachasu wathu wa mphesa. Bambo anali pakhonde atasanjika phazi pampando, bandeji yomwe ndinamanga m'mawa ili pansi. Mnzawo Otar ankathira pachilonda kuchokera m'botolo.

"Mukutani?"

"Tikuthandiza tiana tako," anatero bambo, kunena mavairasi anga. "Timadzi tako tija sitiluma n'komwe. Mankhwala osaluma ndi mankhwala?"

"Iyi ndi ya mphesa za ku Kakheti, mwanawe," anatero Otar. "Inapha njoka za m'mimba mwa apongozi anga. Apongoziwo ndiye inawalephera."

"Munayamba liti?"

"Ukangotuluka, ife tayamba," anayankha bambo monyadira.

Mavairasi anga ankakokoloka asanapeze n'pogwira pomwe.

Sindinakalipe. Ndinalanda botololo, ndinatsuka chilonda ndi madzi amchere, n'kuikapo mavairasi ena. Kenako ndinakoka mpando. Masiku otsatirawo ndinkalondera phazilo, kuimirira, kukhala, kununkhiza bandeji. Otar ankabwerabe, koma ndinkayamba ndamupisa m'matumba a jekete.

Titabwerera kuchipatala, dokotala anayang'anitsitsa chilondacho. Anachikanikiza m'mbali. Bambo anandigwira dzanja, zomwe sachita. Kenako dokotalayo ananyowetsa thonje ndi sipiriti n'kuyamba kufufuta mzere uja.

Bambo ananunkhiza mpweya, n'kundikodola ndi chigongono.

"Waona? Nawonso amathira."