Kompyuta Yoweruka Folo Koloko

Ellina atamwalira, ndinayamba kuchedwa kuweruka ku ntchito.

Tinakhala m'banja zaka makumi atatu ndi ziwiri, kwawo kwa iyeyo, kufupi ndi Namitambo. Ine kwathu ndi ku Nchema. Nyumba ndinamanga ndine, mapeyala ndinadzala ndine, koma dothi ndi la akuchikazi. Mwambo ndimaudziwa. Chaka chikatha, mwinimbumba amabwera, amakukhazika pansi, nkukusudzula. Iwe umanyamula chikwama ndi khasu, ulendo wa kwanu.

Chakacho chinatha mu Meyi 2006. A Mikaele, achimwene ake a Ellina, anayamba kubwera kunyumba madzulo. Ine ndinayamba kusapezeka.

Ndinali mlembi wa kalabu ya alimi a nandolo pa Namitambo. Mu ofesi munali tebulo, mipando iwiri ndi kompyuta imene bungwe lina linatisiyira. Ntchito inkatha cha m'ma thuu koloko. Kuchokera apo ndinkasewera makhadi a pa kompyuta, nkhope nditaiumitsa ngati ndikulemba kalata ya ku boma. Ndinkafika kunyumba dzuwa litalowa, a Mikaele atapita kale, poti maso awo saona bwino kukada.

Makiyi a ofesi ankasunga a Binti, mayi wogulitsa nsalu pakhonde pomwepo. Lamulo lawo linali limodzi: kompyuta ikazima, iwo atseka.

"A Francisko, ndi kalata yanji yosatha imeneyi?" ankandifunsa pa windo.

"Yaitali."

"Inuyo? Mawu anu onse a chaka chathunthu sangadzaze envulopu."

Mwana wanga Kristina amaphunzitsa ku Limbe, ndipo zamakompyuta amazidziwa. Loweruka lina anabwera nkupempha a Binti kuti amutsegulire ofesi, ati aichotse fumbi kompyutayo. Anakhalamo mphindi khumi. Fumbi ndinalipeza momwemo.

Lolemba, folo koloko itakwana, masewera atafika pabwino, panatulukira kabokosi kowerenga masekondi chobwerera m'mbuyo. Kenako kompyuta inazima yokha. Magetsi analipo. Ndinaiyatsanso. Inadzuka mwaulesi monga imachitira, inandipatsa mphindi zisanu, nkuzimanso.

A Binti anali ataima pakhomo, makiyi akulira m'manja.

"Yaweruka," anatero. "Inunso."

Tsikulo ndinadzera njira ya kudambo, ndikuyendera minda ya anthu ngati mlangizi. A Mikaele sanandipeze. Koma nsapato zinanyowa, ndipo kutacha ndinali ndi chimfine. Ndinaona kuti dambo silindisunga. Nkhani inayenera kuthera mu ofesi.

Lachiwiri ndinatsitsa wotchi ya pakhoma nkuitsekera mu dirowa. Folo koloko kompyuta inazima. Ndinakakhala kwa wokonza njinga, ndikuonerera ntchito yosandikhudza.

Lachitatu ndinazindikira kuti ili ndi kawotchi kake pakona, pansi kudzanja lamanja. Ndinamatapo pulasitala kuti isaone nthawi. A Binti anasuzumira pa windo.

"Yavulala?"

Ndinapitiriza kusewera. Folo koloko inazima, pulasitala ali pomwepo. A Binti anaseka mpaka kukhala pansi pa nsalu zawo.

Lachinayi ndinamatula pulasitala. Ndinadina kawotchi kaja kawirikawiri mpaka kanatseguka, ndipo ndinapeza pobwezera nthawi. Ndinabweza maola awiri. Kunja kunali chiperoni, dzuwa losaoneka chiyambire m'mawa. Ndinati lero palibe wondigwira.

Chimodzi ndinaiwala. Chitsitsireni wotchi ya pakhoma, a Binti ankaonera nthawi pa kawotchi komweko. Ikamakwana firii amapinda nsalu, nkukasamba m'manja ndi kumapazi, kuti poitana ku mzikiti akhale atakonzeka. Tsikulo anasuzumira, anaona wani koloko, nkubwerera kukatsutsana mtengo ndi kasitomala. Posakhalitsa ku mzikiti kunamveka kuitana.

Analowa mu ofesi chitenje chogulitsa chili paphewa.

"A Francisko, mwaba maola angati?"

"Awiri."

"Zothawa alamu anu ndimangokuonerani. Koma lero mwalowerera nthawi ya Mulungu. Ndikabwera ku swala ndipeze mwabweza."

Ndinabweza. Folo koloko kompyuta inazima. A Binti anatseka, anasenza mtolo wa nsalu, nkumayenda pambuyo panga. Pa mphambano ya kudambo ndinachepetsa liwiro.

"Chakutsogolo," anatero.

Kwawo sikudzera kwathu, koma anandifikitsa mpaka pa mpanda.

A Mikaele anali pansi pa mtengo wa peyala, pa mpando wanga, chipewa chili pa bondo.

"Alamu, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera."

"Ndabwera pano kakhumi ndi kawiri. Nkhuku zanu zayamba kunditsatira, zikuyesa mwini nyumba ndine."

Ndinakhala pa mtondo wogwetsa. Ndinayang'ana khonde limene ine ndi Ellina tinazira limodzi, nditakana kuitana mmisiri. Linapendekeka mpaka lero.

"Nenani," ndinatero. "Chikwama ndili nacho."

"Chikwama cha chiyani?"

"Cha ku Nchema."

A Mikaele anayamba kuseka, kuseka kothera m'chifuwa.

"Ndiye mwayenda m'madambo sabata yonse chifukwa cha zimenezi? Tamverani, alamu. Kusudzula tikusudzulani, mwambo sitilumpha. Loweruka, mbumba yonse ilipo. Mukadzapeza mkazi wolola mwamuna wosayankhula, njira ndi yotsegula. Koma zosamuka mbumba yakana. Ku Nchema akakudziwani ndani? Anakusiyani muli ndi tsitsi. Nanga pa manda a mlongo wanga amalambula ndani, si inu? Khalani. Nyumbayi ndi yanu mpaka tidzakunyamuleni."

Ndinatola tsamba louma pansi nkuliyang'ana mbali zonse ziwiri.

"Kristina akudziwa?"

"Chiyambire Meyi. Amafuna akuuzeni, ndinamuletsa. Mawu otere sanena mwana, ndipo sanenedwa pamsewu. Amafunika munthu atakhala pansi pakhomo pake. Inu kukhala pansi kumeneko ndiye kunasowa. Ndinamuuza kuti, iwe ingondibweretsera bambo akowo kukadali kowala."

"Chabwino," ndinatero.

"Basi? Maulendo khumi ndi awiri, chabwino basi?"

Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga ndodo yothyolera, nkuwagwetsera mapeyala asanu ndi limodzi. Anaika m'chipewa. Ndinawaperekeza mpaka pa mlatho, kukadali kowala ndithu, iwo akuyankhula njira yonse.

Loweruka anandisudzula. Kristina anabwera. Anthu atabalalika anandifunsa ngati achotse zimene anaika mu kompyuta zija.

"Zisiye," ndinatero.

"Ababa, si inu mumalimbana nayo sabata yonse?"

"Ibweze, izizima hafu firii. Nkhuku zimavuta kutsekera."

Anabweza. Wotchi ya pakhoma ndinaikolekanso ndekha, a Binti ataimirira kumbuyo kwanga kuonetsetsa kuti sindikhudza mivi.